Udzu ukudya feteleza amene alimi amamuvutikira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya kupalira, imene ndikuona kuti tikuinyalanyaza. Chaka chilichonse, kuyambira mu Okutobala, m'manyuzipepala ndi pa wailesi mumadzaza nkhani za feteleza: mtengo wa thumba, mayina a opindula ndi ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo, ndi mizere ya anthu pamalo ogulira. Zonsezi n'zofunika, koma feteleza amene mlimi wamupeza movutikira chonchi amadyedwa ndi udzu ngati munda sunapaliridwe pa nthawi yake.

Masabata 6 oyambirira chimanga chitamera ndiwo amagamula zokolola, chifukwa mizu yake imakhala ikadali yochepa ndipo udzu umachilanda chinyezi, chakudya cha m'nthaka ndi kuwala kwa dzuwa. Kupalira koyamba kuyenera kutha pasanapite masabata 3, udzu ukadali wanthete, kuti Urea adzagwere m'munda woyera, kenaka nkubandira chimanga chisanafike m'chiuno.

Alimi ambiri amazidziwa zimenezi, ndipo chimene chimawalepheretsa si ulesi. Chaka chatha ndinaona munda wa mayi wina wamasiye kwathu kuno, amene anabzala ndi mvula yoyamba nathira feteleza wokulitsa bwinobwino. Mu Disembala ufa unatha m'nyumba, ndipo anakhala masabata angapo akupalira minda ya ena pa ganyu kuti ana adye. Pobwerera kumunda kwake anapeza khovani ndi kapinga zitayanga m'mizere yonse, chimanga chili chachikasu, mapesi ake ali ngati chala cha mwana. Khovaniyo ndi wovuta, pakuti ukamulima kunja kuli mvula nkumusiya pansi amaphukanso. Ndikupempha oyendetsa Mtukula Pakhomo kuti ndalama zizifika nyengo yopalira isanayambe, ndipo mafumu atsitsimutse mwambo wa dima kuti mabanja osowa manja azithandizidwa.

Mdani wina amene khasu lokha silingamuthe ndi kaufiti. Anthu ena akaona timaluwa take tofiira m'munda amaganiza kuti wina wawachita chipongwe, pamene chomerachi chimangokonda nthaka yoguga yomwe yakhala ikulimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka. Chimamatirira ku mizu ya chimanga nkumayamwa madzi ndi chakudya chisanatulukire n'komwe pamtunda, kotero kuti pochiona ndi maso chimakhala chitawononga kale. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi zonga fumbi, zomwe zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10. Choncho kaufiti azulidwe ndi manja asanachite maluwa, atulutsidwe m'munda ndi kutenthedwa, ndipo mundawo uzithiridwa manyowa ndi kuchitidwa kasinthasintha ndi soya kapena mtedza, mbewu zimene kaufiti wa m'chimanga sangaziyamwe komanso zimabwezeretsa chonde.

Za mankhwala opha udzu ndili ndi nkhawa yaikulu. Akufala mofulumira chifukwa aganyu akwera mtengo, koma ambiri akuwagula m'misika atathiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro, osadziwa kuti mitundu yake imagwira ntchito mosiyana. Roundup amapha chobiriwira chilichonse chimene wachikhudza, chimanga chomwe, ndiye amapoperedwa mbewu isanamere, pamene Harness amafuna nthaka yonyowa kuti aletse njere za udzu kumera. Ndaonapo mnyamata akupopera ali wopanda nsapato, osatseka pamphuno, nkukatsuka sipuleya pachitsime chimene amayi amatungapo madzi akumwa. Komanso tisaiwale kuti chisoso, bonongwe ndi luni, zimene mankhwalawa amapha limodzi ndi udzu, ndizo ndiwo za mabanja ambiri mu Januwale.

Ndikupempha bungwe loona za mankhwala opha tizilombo ndi udzu la Pesticides Control Board kuti liziyendera misika ya kumidzi, ndipo Unduna wa Zaulimi uonetsetse kuti alangizi akufika m'minda mu Disembala, pamene khasu lili m'manja, kudzasonyeza alimi zinthuzi pamunda penipeni.

Mlimi wokhudzidwa,
Mitundu, Lilongwe