Kalata kwa mwana wanga: za tsiku lobadwa la azakhali ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana kumeneko ku Lilongwe. Kuno ku Chibavi tili bwino, kungoti kuzizira kwa mwezi wa June kwabwera ndi ukali, moti bambo ako sakuchoka pambali pa mbaula.

Ndalandira uthenga wako woti ukufuna kutumiza ndalama pa foni kuti tigule keke ya m'sitolo pa tsiku limene azakhali ako akukwanitsa zaka 70. Mtima wako ndauona ndipo ndathokoza, koma ndikukupempha kuti ndalamazo ukwerere basi, ubwere udzawaphikire chigumu ndi manja ako.

Mwina sukumbukira bwino, pakuti unali wamng'ono. M'chaka cha njala cha 2002, ine nditagonekedwa m'chipatala ndi mng'ono wako, azakhali akowa ndi amene anakutenga n'kukusunga ku Chiputula pamodzi ndi ana awo anayi. Tsiku limene unakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, m'nyumbamo munali ufa wa mgaiwa wosakwana nsima ya masiku awiri, koma iwo anatapako, napempha nthochi kwa mnzawo amene ankaoda ku Nkhata Bay, n'kukuphikira chigumu mumphika wa ndiwo. Chinapserera pansi chifukwa anachulutsa makala, ndipo iweyo ndi asuweni ako munalimbirana zopserera zomwezo mpaka kulira. Mpaka lero akamakamba nkhaniyi amaseka mpaka misozi, ngakhale kuti usiku umenewo iwo anagona ndi madzi okha, zimene sanakuuzepo.

Ndikudziwa kuti unazolowera uvuni wamagetsi, koma usaudalire, pakuti magetsi akhoza kuzima chigumu chili pakati. Tidzaphika pa mbaula. Udzatenge makapu awiri a mgaiwa ndi kapu imodzi ya ufa wa tirigu, mazira awiri, theka la kapu ya shuga, mafuta ophikira pang'ono, kamchere, ndi nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zamadontho akuda zimene anthu amazinyoza pamsika, chifukwa n'zimene zimatsekemera ndi kufewetsa chigumu. Soda akhale supuni yaing'ono imodzi basi, ndipo umusakanize ndi ufa usanathire chambiko. Kuwawasa kwa chambiko n'kumene kumadzutsa soda kuti chigumu chifufume, choncho ukangosakaniza usachedwe kuika pamoto. Ukachulutsa soda chigumu chimawawa ndipo chimanunkha ngati sopo, monga chinachitira changa pa chinkhoswe chako, ngakhale kuti alendo anadya mwaulemu osanena kanthu.

Nkhani yaikulu ili pa moto. Upake mafuta mumphika, pansi usiye makala ochepa, ndipo ambiri uwaike pa chivundikiro kuti kutentha kuchokere pamwamba. Usamavundukule pafupipafupi, chifukwa mphepo yozizira ya kuno ikalowa chigumu chimagwa pakati. Pakatha mphindi ngati 40 ubaye ndi mpeni, ndipo ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa.

Mwana wako wamkulu udzamuike pafupi, aziphwanya nthochi ndi kupepeza moto, kuti azakhali ako adzamuone ali ndi ufa m'manja. Maso awo ayamba kuchita chidima ndipo mano atsala ochepa, choncho chigumu chofewa ndi tiyi wamkaka zidzawakomera kuposa zonona za keke zimene adzangozipala ndi supuni n'kupatsa ana.

Ufike Lachisanu kuti tidzapite kumsika Loweruka m'mawa nthochi zabwino zisanathe. Mgaiwa ndagayitsa kale, iwe ubweretse ufa wa tirigu wokha, ndipo usaiwale majuzi a ana. Azakhali ako sindinawauze kuti ukubwera, ndipo bambo ako ndawachenjeza kuti asaulule.

Ndine,
Mayi ako