Tilembereni nkhani za atsikana amphamvu zodabwitsa m'Chichewa

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndilankhule ndi alembi athu. Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera ku Dedza. Atsikana anga a Fomu 2 amatumizirana pa foni mabuku a Chingerezi okamba za mkulu ndi mng'ono wake obadwa ndi mphamvu zodabwitsa: wina amaona zam'tsogolo kutulo, mnzakeyo akapsa mtima mphepo imasasula madenga. Amawerenga mpaka batire kutha. Ndikawapatsa buku la Chichewa amangoyasamula, poti mtsikana wam'menemo nthawi zambiri amatenga mimba, kusiya sukulu, basi n'kumalira.

Makolo ena akuti mabuku otere ndi aufiti. Mantha awo ndikuwamvetsa. Kwathu kuno mwana akangonenedwa kuti amatamba usiku amamenyedwa, agogo amathamangitsidwa m'mudzi, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Koma ine n'chifukwa chake ndikufuna nkhanizi zilembedwe konkuno. Mwana wathu awerengeko za mtsikana amene mudzi wonse ukumuloza chala, mkulu wake n'kuima pakhomo kunena kuti mng'ono wanga simumukhudza.

Ndipo potapa nkhani tili napo. Ku Msinja, m'boma la Lilongwe, kunali Makewana, mayi woyang'anira kachisi wa Chisumphi, amene anthu ankapita kwa iye kukapempha mvula. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kuti mvula ingaleke. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Taganizani tsono: ana awiri a mimba imodzi, wamng'ono watengedwa kukakhala tsano, wamkulu watsala kumudzi akusinja ndi kutunga madzi. Chilala chafika, chimanga chapota masamba, ndipo zikupezeka kuti amene amalota za mvula ndi wotsala uja. Aulule, mng'ono wake achite manyazi pamaso pa akuluakulu? Abise, anthu afe ndi njala? Nsanje ndi chikondi cha pachibale zonse zili momwemo, ndipo ana anga sangagone asanamalize buku lotero. Ku Nsanje nakonso kuli Khulubvi, kachisi wa Mbona, amene ophunzira anga ambiri amangomumva pokonzekera mayeso.

Pempho langa ku bungwe la Malawi Writers Union ndi lakuti likonze mpikisano wa nkhani zotere za achinyamata m'Chichewa, ndipo zopambana zisindikizidwe pamtengo woti mwana wa sukulu yoyendera angakwanitse. Alembi achitsikana alimbikitsidwe kwambiri kulowa nawo, poti ndiwo amadziwa zimene mkulu ndi mng'ono wake amanong'onezana kugowelo.

Mphunzitsi wa Chichewa,
Dedza