Kalata kwa Anaphiri ku Leeds: za dimba langa ndi khadi la Khirisimasi

Zomba
18 Novembala

Okondedwa Anaphiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko, ngakhale mwayamba kale kulimbana ndi chisanu pamene ife kuno dzuwa likutiwamba podikira mvula yoyamba. Chandilembetsa kalatayi ndi kanthu kamene ndinafukula m'dzenje la manyowa sabata yatha, ndipo kanthuko kakukhudza inuyo.

Mukukumbukira mmene dothi la kuseri kwa nyumba yathu linalili, lofiira ndi louma gwa ngati njerwa, moti mpiru unkangofika masamba anayi n'kuyamba maluwa. Chaka chino, titakolola, ndinaleka kutentha zinyalala. Ndinakumba dzenje pamthunzi wa mango, ndipo ndinkayalamo mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aawisi ndi makoko a nthochi, kenako zitosi za nkhuku ndi phulusa la pa mbaula, n'kumathirira madzi ndi kutembenuza pakatha milungu itatu iliyonse. Patapita miyezi itatu zonsezo zinasanduka dothi lakuda bii, lonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango ya kuphiri kuja. Mabedi ndawaphimbira ndi udzu, kotero ndimathirira kamodzi pa masiku awiri m'malo mwa m'mawa ndi madzulo. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zikuchita bwino kuposa repu, ndipo sindikudabwa, pakuti ndiwo zathuzi zili kwawo. Nsabwe zikagwa pa mpiru ndimawaza madzi amene ndaviikamo masamba osinja a nimu usiku wonse, ndipo mvula ikangogwa ndibzala nandolo m'malire, chifukwa mizu yake imabwezeretsa chonde m'nthaka.

Tsono pokolopola manyowa otsiriza, fosholo inatulutsa kachidutswa konyezimira. Nditakatsuka ndinazindikira kuti ndi khadi limene munanditumizira Khirisimasi yatha, lija la kambalame kofiira pachifuwa katatera pa nthambi yoyera ndi chipale. Mdzukulu wanga ayenera kuti analisesera kumodzi ndi zinyalala. Pepala lake linawola lonse ndipo mawu anu anapita nalo, koma kapulasitiki kokutira pamwamba kanali kadakali kathunthu, pamene tonyezimira tija tinamwazika m'manyowa monse moti palibe angatitole. Timeneti ndi pulasitiki wodulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, sitiwola, ndipo n'chifukwa chake makhadi otere sawalandira ngakhale kwanuko kumene amasonkhanitsa mapepala akale kuti apangire atsopano. Kuno boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, nkhani yake n'kukhalitsa m'makhoti zaka zambiri, ndipo mpaka lero khasu likalowa pansi limatuluka ndi jumbo. Sindikufuna kuti dimba langa lilandirenso pulasitiki wina wodzera ku positi ofesi.

Musamve ngati ndikunyoza mphatso, Anaphiri, pakuti khadi lanu ndimalidikira chaka chonse, ndipo uthenga wa pa WhatsApp sungaimikidwe pa kabati kuti alendo auone. Ndikungopempha kuti chaka chino musankhe la pepala lokhalokha, losakutidwa ndi pulasitiki, lopanda zonyezimira ndiponso lopanda kabatire koimbitsa nyimbo, kuti likadzatha ntchito yake lidzathe kulowa m'dzenje muja n'kusanduka chakudya cha matimati. Alipo makhadi ena amene pepala lake amaliumbira kumodzi ndi mbewu za maluwa kuti munthu alikwirire akatha kuwerenga. Nzeru yake ndi yabwino, koma amenewo apatseni anzanu a komweko, chifukwa mbewu siziwoloka malire a dziko popanda chilolezo cha a zaulimi, komanso maluwa akutchire a ku England alibe chochita pakati pa nkhwani za ku Zomba.

Lanu ndinagula kale ku Blantyre, kwa a PAMET amene amapanga mapepala pamanja ndi mapepala akale, ulusi wa nthochi, ngakhalenso ndowe za njovu. Ndinasankha la nthochi poopa kuti ana anu akana kuligwira. Pamwamba pake ndamatapo tsamba la chisoso la m'dimba lomweli, limene ndinaliumitsa pakati pa masamba a buku la nyimbo, ndipo ndiliponya Lolemba kuti likupezeni Khirisimasi isanafike.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
Nabanda