Kalata ya munthu wa ziro

Chifundo mnzanga,

Kalata yako yafika. Ukuti ndinakutaya? Sindinakutaye ayi, andigwira ndi masamu a probability, aja owerengera mwayi woti chinthu chichitike, moti tulo sindikupeza.

Poyamba zinkayenda bwinobwino. Ukaponya dayisi, mbali zake ndi 6, iliyonse mwayi wake ndi 1/6, ukaphatikiza zonse upeza 1. Zimenezi amati discrete, zinthu zoti ukhoza kuwerenga ndi zala. Moto unabuka titafika pa continuous, zinthu zochita kuyeza monga nthawi, kulemera ndi msinkhu. Aphunzitsi anangonena, nkhope ili gwa, kuti mwayi woti munthu atalike masentimita 170 ndendende ndi ziro. Iwe ukudziwa kuti ine ndine wa 170! Ndinakweza mkono kufunsa ngati ndilipodi. Mavuto anaseka mpaka kugwetsa cholembera, ndipo pano moni wake ndi "Mwadzuka bwanji a Ziro?"

Ndamvetsa mochedwa. Pakati pa 169 ndi 171 pali manambala osatha, 170.01, 170.001, osafika pothera, ndiye nambala imodzi payokha sitenga gawo lililonse. Mwayi umaoneka ukafunsa za mpata, kuchokera apa kufika apo, ndipo ndi kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wokhota wa pa galafu, woonetsa pamene manambala amagwa kwambiri, umene amati density function. Malo onse pansi pake amakwana 1. Kutalika kwa mzerewo si mwayi ayi, ndipo apa ndi pamene ndinagwera pa mayeso. Funso linali la nambala yogwa paliponse mofanana pakati pa 0 ndi 0.5. Ndinapeza kutalika 2, ndinachita mantha poti mwayi sungapose 1, n'kufufuta mpaka pepala kubooka. Chonsecho malo a pansi pake, kutalika 2 kuchulukitsa ndi mulifupi 0.5, amakwana 1. Yankho lolondola ndinalipha ndi manja anga, mpaka lero mtima ukuwawa.

Ndikadaiwala, Tadala wabereka mwana wamkazi. Atandiuza kuti anabadwa ndi makilogalamu 3.2, ine m'malo mosangalala ndinangoti mumtima: nayenso ziro.

Usiku ndikakhala ndekha nkhaniyi imasiya kuseketsa. Nthawi yeniyeni imene udzatulukire pakhomo pano mwayi wake ndi ziro, ndavomera. Ndipatseko mpata chabe, ngakhale wa miyezi itatu, ndiziwerengera. Pepala latha, koma ndimafuna ndikufunsenso za buku langa lija unapita