Nsanja ya ku Venice sinakunamize

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, pamodzi ndi chithunzi cha nsanja ya pabwalo la San Marco. Ndakhala ndikuchiyang'anitsitsa: njerwa zofiira, denga losongoka lobiriwira, ndi mngelo wagolide pamwamba penipeni. Koma mawu ako sanandigoneke tulo. Ukuti unagwa ulesi utamva kuti nsanjayo ndi ya 1912, yakale inagwa, ndipo unaona ngati akupusitsa. Pamenepa ndiye sitigwirizana, mnzanga.

Kugwa inagwadi, m'mawa wa pa 14 July 1902. Mng'alu unali utaoneka pakhoma kwa masiku angapo, ukukulirakulira, choncho anthu anali atawachotsa pafupi. Chinsanja cha mamita pafupifupi 99 chinangoti khu pansi, n'kusanduka phiri la njerwa pabwalopo. Palibe munthu anafa. Madzulo a tsiku lomwelo khonsolo ya mzinda inagamula kuti imangidwenso momwe inalili, pamalo pomwe inali. Taganiza, nthawi imeneyo mawotchi anali atafala kale, sitima zinkayenda ndi nthunzi. Palibe amene akanasochera chifukwa chosowa nsanja. Nanga changu chonsecho chinali cha chiyani?

Ine ndimaona kuti nkhani yagona pa mabelu. Analipo asanu, lililonse ndi ntchito yake. Lina linkalira masana, lina linkaitana akuluakulu ku msonkhano wa boma, ndipo laling'ono linkalengeza kuti munthu akukaphedwa mwa lamulo. Limeneli limandichititsa nthumanzi, komabe ndi mbiri yawo, sanaibise. Lalikulu kuposa onse ndi Marangona, dzina lochokera kwa akalipentala, poti ndi lomwe linkawauza nthawi yoyamba ntchito ndi yoweruka. Ndimayerekeza bambo ali ndi utuchi m'tsitsi, akuika nyundo pansi belu litangolira, ndipo kunyumba mwana amva kulira komweko, wadziwa kuti atate ali m'njira. Mwanayo wakula, naye waweruka ndi belu lomwelo, mdzukulu wake chimodzimodzi, kwa zaka mazanamazana. Anthu amene sanaonanepo, olemera ndi osauka, onse anamva liwu limodzi. Ndipo mwa mabelu asanu aja, Marangona yekha ndi amene anamupeza wamphumphu m'mulu wa njerwa uja. Ena anayi anachita kuwasula mwatsopano.

Za Galileo, katswiri wa zakuthambo uja, yemwe anakwera pamenepo mu 1609 kukaonetsa atsogoleri a mzinda chipangizo chake choonera kutali, ndikhulupirira anakuuza kale oonetsa alendo. Ine mtima wanga uli pa amalinyero obwerera kwawo, omwe ankaona mngelo uja akunyezimira asanaone nyumba iliyonse.

Mwala woyamba anauika pa 25 April 1903, ndipo anaitsegulira pa 25 April 1912, tsiku la Marko Woyera, nkhoswe ya mzindawo. Zaka 9 zathunthu akumanga chinthu chomwe munthu sangagonemo. Anthu otere sangakhale akupusitsa alendo. Ankadzimangira okha, kuti ana awo akweze maso pamalo pomwe agogo awo ankakweza.

Chonde ubwerereko usanachoke ku Italy. Usakwere pamwamba ulendo uno. Ungoima pabwalo, udikire mabelu alire, uone nkhope za eni mzinda omwe akudutsa ndi zikwama zawo, kenaka undilembere zomwe waona. Ndakusowa kwambiri.

Ndine mnzako wa pamtima.