Mafilimu a oyamwa magazi asaonetsedwe kwa ana m'mavidiyo sho

Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zomwe zachitika kwathu kuno ku Bangwe sabata yathayi.

Loweruka masana ndinapatsa mdzukulu wanga K200 kuti akagule mandazi. Mwanayu ali ndi zaka 9, ali Sitandade 3. Ndalamayo inathera pa khomo la vidiyo sho ya kumsika, kumene anakhala pabenchi ndi anzake kuonera filimu ya Fright Night, ija ya 2011. Usiku umenewo sitinagone. Anadzuka katatu akukuwa, atagwira pakhosi, ndipo kunacha mphasa itanyowa, chinthu chimene anasiya kalekale.

Zikanathera pamenepo ndikanangomulangiza n'kukhala chete. Koma Lamlungu tikuchokera kutchalitchi ndinapeza gulu la ana litaima pampanda wa bambo wina woyandikana nafe likufuula kuti "namapopa! namapopa!", ena akuponya miyala padenga. Bamboyu ndi mlonda. Amachoka dzuwa likamalowa, amabwera m'mamawa, masana amagona atatseka makatani. Mlandu wake ndi umenewo basi.

Nditafufuza ndinamva mutu wa nkhani. Filimuyi imakamba za mnyamata wa kusekondale wa ku Las Vegas amene amazindikira kuti bambo wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe saoneka masana, ndi chilombo choyamwa anthu magazi. Ku America kumene anaipanga anaipatsa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti mwana wosakwana zaka 17 salowa yekha popanda kholo kapena wamkulu womuyang'anira. Kwawo komweko anaona kuti si ya ana. Kwathu kuno chimbale chake n'chobena, chikuto n'chofotokopa, chizindikiro chija palibe, ndipo wolondera pakhomo amangoyang'ana ndalama, osati msinkhu.

Chimene chandiwawa koposa ndi mnyamata amene anamasulira filimuyo m'Chichewa. Ndinapita ndekha kukamva ndi makutu anga. Paliponse pamene chilombocho chaonekera, iye akuti "namapopa uja wafika", "anamapopa sagona usiku", akuseka, ana nawonso akuseka. Namapopa! Kodi mnyamata ameneyu anabadwa dzulo? Kodi mu 2017 anali kuti pamene mawu omwewa anapha anthu ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu Blantyre muno? Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, ena kugendedwa, wina kuotchedwa, popanda ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi dontho la magazi a munthu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kumwera, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika anachita kuyendera maderawo kukakhazika anthu mtima pansi. Ife achikulire tikukumbukiranso za 2002, mphekesera zomwezi zitabuka. Mawu amenewa ali ndi manda kumbuyo kwake. Si oseweretsa pofuna kukometsa filimu ya K200.

Mzungu akamaonera zimenezi amadziwa kuti ndi nthano yakwawo, ya mabokosi a maliro, adyo ndi mtanda. Atsikana awo anapenga ndi filimu ya Twilight mu 2008, kumene woyamwa magaziyo ndi mnyamata wokongola wa m'kalasi, ndipo palibe amene anakagenda mnansi wake. Koma mukachotsa dzina lachizungulo n'kuikapo namapopa, mwachotsa nthano ku Las Vegas n'kuiika pakhomo pa mlonda wa ku Bangwe. Mwana wa zaka 9 angasiyanitse bwanji, pamene akuluakulu a ndevu zawo analephera?

Nditamufunsa mwini vidiyo shoyo anandiyankha kuti iye sakakamiza munthu kulowa. Zoona, sakakamiza. Koma zokuzira mawu zake zimamveka mpaka kusukulu, ndipo nthawi ya maphunziro mabenchi ake amadzaza ana a yunifolomu, zikwama zili pamiyendo. M'kati muli mdima, mpweya kulibe, khomo ndi limodzi lotchinga ndi chiguduli. Moto utabuka, tidzawerenga mitembo ingati? Madzulo filimu zimasinthanso, ndipo makolo tonse tikudziwa zomwe zimaonetsedwa ikakwana 9 koloko. Masiku ano zafika poipa chifukwa chimbale sichifunikanso: obena amangothira mafilimu 20 pa memori khadi, mwana n'kumaonera pafoni ya mkulu wake atafunda bulangete. Ifenso makolo tili ndi mbali yathu, timapereka ndalama osafunsa kuti yapita kuti.

Dziko lino lili ndi lamulo loona za mafilimu ndi zisangalalo kuyambira 1968, ndipo bungwe la Censorship Board lilipo chifukwa cha ntchito imeneyi. A COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, nawonso nkhani ya zimbale zobena ndi yawo. Ndikupempha mabungwe amenewa, pamodzi ndi khonsolo ya mzinda, apolisi a m'madera ndi mafumu athu, kuti atsike m'misika aone okha. Vidiyo sho iliyonse ilembe pabolodi msinkhu woyenera filimu ya tsikulo, mwana wa yunifolomu asalowe nthawi ya sukulu, wophwanya alandidwe chiphaso. Omasulira mafilimu aitanidwe auzidwe kuti mawu akuti namapopa asamvekenso m'zimbale zawo.

Lolemba m'mawa ndinatenga mdzukulu wanga kukapepesa kwa bambo uja. Anatilandira mwaulemu, koma anandiuza kuti akufunafuna nyumba kwina.

Gogo wodandaula,
Bangwe, Blantyre