Okaona mbalame kugombe m'nyengo yachisanu asamaziulutse

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi owerenga amene amapatula tsiku limodzi m'nyengo yachisanu n'kupita kugombe la nyanja yamchere kukaona mbalame. Ulendo woterewu ndimaulimbikitsa ndi mtima wonse, koma ndikudandaula ndi alendo ena amene amayandikira mbalame mpaka kuziulutsa pofuna chithunzi chokongola, kapena kumasula agalu awo kuti azithamangathamanga pamchenga.

Mbalame zambiri zimene zimajompha m'matope a kugombe m'miyezi yozizira zimaswa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia, Greenland, Canada ndi Alaska, ndipo zimasamuka kumeneko madzi oundana asanakute nthaka. Maulendo ake ndi aatali modabwitsa. M'chaka cha 2022 mbalame ina ya mtundu wa bar-tailed godwit, imene akatswiri anaiveka kachipangizo kolondolera ulendo wake, inauluka makilomita oposa 13,000 kuchokera ku Alaska mpaka ku Tasmania m'masiku 11 osatera paliponse. Gombe la Wadden Sea, lomwe lili m'mayiko a Netherlands, Germany ndi Denmark, limalandira mbalame zoposa 10 miliyoni chaka chilichonse, ndipo zina mwa izo zimapitirira mpaka ku gombe la Banc d'Arguin ku Mauritania.

Chimene mlendo wa tsiku limodzi sachiona n'chakuti mbalame yotsala m'dera lozizira ilibe mphamvu zoti izitaya. Thupi lake limagwiritsa ntchito mafuta ambiri kuti likhale lofunda, pamene nyongolotsi, nkhono ndi tinkhanu timene imadya zimapezeka pokhapokha madzi akabwerera m'mbuyo n'kusiya matope poyera. M'magombe ambiri madzi amakwera kawiri pa tsiku, motalikirana pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, ndipo akadzaza gombe mbalame zimaunjikana pamalo ochepa ouma kuti zipumule. Nthawi imeneyi ndi imene munthu wa kamera amakopeka nayo kwambiri, chifukwa zimakhala zochuluka pamalo amodzi. Akaziulutsa, zimazungulira m'mwamba zikuwononga mphamvu zimene sizingathe kubwezera mpaka madzi atatsikanso, ndipo zimenezi zikabwerezedwa tsiku lonse ndi gulu lililonse la alendo lobwera, zofooka zimalephera kupirira kuzizira kwa usiku.

Chokhumudwitsa n'chakuti kuyandikira koteroko n'kosafunika n'komwe. Munthu akaona ndandanda ya kukwera ndi kutsika kwa madzi asananyamuke, n'kufika maola awiri madzi asanafike pachimake, akhoza kukhala pansi phee ndi magalasi ake oonera patali, ndipo madziwo ndi amene adzam'kankhira mbalamezo kufupi. Umu ndi mmene anthu amaonera mbalame zikwizikwi za mtundu wa knot ku Snettisham, m'gombe la The Wash ku England, pamalo osamalidwa ndi bungwe loteteza mbalame la RSPB. Ndandanda ya madzi yomweyo imatetezanso moyo wa mlendo, pakuti madzi amatha kubwerera mofulumira pamatope osalala n'kumutsekera njira, makamaka m'nyengo imene dzuwa limalowa msanga. Mbalame zikasiya kudya n'kudzutsa mitu zonse pamodzi, ndiye kuti munthuyo wapyola malire ndipo ayenera kubwerera m'mbuyo.

Amene akufuna kuti ulendo wawo ukhale waphindu angathe kutenga nawo mbali pa kalembera wa mbalame za m'madzi amene amachitika mu Januwale, pamene kumayiko akumpoto kuli chisanu, chaka chilichonse kuyambira 1967, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International mothandizidwa ndi anthu odzipereka.

Pempho langa kwa inu, Mkonzi, n'lakuti mukamasindikiza nkhani zolimbikitsa maulendo a kugombe, muzikumbutsanso owerenga kuti aone nthawi ya madzi, amange agalu awo ndi chingwe, ndiponso aime patali ndi malo amene mbalame zikupumulira.

Ine wanu,
Wokonda mbalame